Chuni si nyimbo: Conrad Salinger ndi ulesi wa makutu athu

Ndatopa nawo anthu amene akaonera Singin' in the Rain n'kuyamba kuyamikira, zimene amatchula ndi ambulera, mzati wa nyale ya mumsewu ndi wapolisi uja wotulukira kumapeto atapinda manja. Akakhala wowerengako pang'ono awonjezera kuti Gene Kelly anavina gule ameneyo thupi likutentha. Zoona zonsezo. Koma iyi ndi filimu ya nyimbo, ndipo palibe wofunsa kuti nanga zikulira m'makutuzi anazikonza ndani. Amangoti "nyimbo yokoma", ngati kuti inagwa yokha kumwamba limodzi ndi mvulayo, mavayolini ndi malipenga zili kale m'malo mwake.

Pamene filimuyi inkatuluka mu 1952, nyimboyo n'kuti ili nkhalamba ya zaka 23. Anaipeka ndi Nacio Herb Brown ndi Arthur Freed, ndipo inali itamveka kale mu The Hollywood Revue of 1929, Cliff Edwards akuimba atakumbatira kaukulele kake. Kaifuneni muimve. Ndi kachuni kodumphadumpha, kosavuta, koti mawa lake mwakaiwala. Amene anakapatsa moyo wachiwiri ndi anthu awiri: Roger Edens, mwini kachiyambi kobwerezabwereza kaja kamene Kelly amaimba chapansipansi akuyamba kuyenda, ndi Conrad Salinger, amene anagawira chida chilichonse cha mu orchestra zoti chiimbe. Edens amatchulidwako. Salinger ndiye wa nkhani yanga.

Wopeka nyimbo wa masiku amenewo ankabwera ndi mabala 32 ndi makodi a pa piyano, basi. Kuimba kamodzi, mphindi imodzi ndi pang'ono yatha. Wovina akufuna mphindi zinayi kapena zisanu, wojambula akufuna nyimbo ikwere pamene kamera ikukwera, woimba akufuna kiyi yomukwana pakhosi. Zonsezi zimagwera wosanja nyimbo. Irving Berlin, mwini nyimbo za mu Easter Parade ya 1948, ankaimba piyano mu kiyi imodzi yokha, F sharp, piyano yakeyo ili ndi kachitsulo kosinthira makiyi, ndipo manotsi ankamulembera ndi anthu ena. Sindikumunyoza ayi, mphatso yake ya chuni ndi ochepa anaifika. Ndikungonena kuti zambiri zimene zikulira kumbuyo kwa Judy Garland ndi Fred Astaire m'filimu imeneyo sizinachoke m'cholembera cha Berlin.

Salinger anabadwa mu 1901 ku Brookline, m'chigawo cha Massachusetts. Atamaliza ku Harvard anapita ku Paris kukaphunzira kwa André Gédalge, mphunzitsi amene anasula Maurice Ravel, Darius Milhaud ndi Arthur Honegger, komanso mlembi wa buku lotchuka la kapekedwe ka fugue. Atabwerera kwawo anagwira ntchito m'masewero a ku Broadway, kenaka cha mu 1943 anakhazikika ku MGM, ku Culver City, m'gulu lija la Arthur Freed lopanga mafilimu a nyimbo. Pa mbiri yonseyi, chimene chili ndi ntchito kwa ine ndi dzina la Gédalge. Munthu wosulidwa pa fugue amaphunzira chinthu chimodzi mpaka chimulowe m'magazi, chakuti liwu lililonse liyenera kukhala ndi ulendo wake woti ungauimbe paokha n'kumveka nyimbo.

Amene anaimbako kwaya akundimva. Pali alito amene amangotsata sopulano, akakwera nayenso akwera, akatsika nayenso atsika. Salakwitsa chilichonse, komanso sanena chilichonse. Ndiye pali tena amene amadikira pomwe sopulano wagwira noti yaitali kapena akukoka mpweya, iye n'kulowa ndi kachuni kakekake, kuyenda njira yosemphana, n'kukakumana naye pa kodi ya kutsogolo. Salinger anali tena wa mtundu umenewu, kungoti m'malo mwa anthu anayi anali ndi oimba zida pafupifupi 50, ndipo chuni chachiwiricho ankakonda kuchipatsa ma French horn, malipenga opindika aja a mawu ofewa ngati akuchokera kuseri kwa phiri, kapena ma cello.

Umboni wonse uli mu "Dancing in the Dark" ya mu The Band Wagon, filimu ya Vincente Minnelli ya 1953. Ndikanakhala mphunzitsi wa nyimbo, ophunzira anga akanadana nane chifukwa cha gule ameneyu, poti tikanamumvera mpaka teremu kutha. Nkhani yake ndi iyi. Astaire ndi katswiri wa magule ogogoda nsapato amene nyenyezi yake ikuzilala, Cyd Charisse ndi wovina ballet, wamng'ono kwa iye, ndipo awiriwa akhala akukokana chifukwa aliyense akuopa kuti sangathe kuvina ndi mnzake. Usiku akwera ngolo yokokedwa ndi kavalo kupita ku Central Park. Atsika, adutsa pakati pa anthu ovina pabwalo, afika pamalo poti mbee, mabenchi okhaokha. Salankhula. Saimbanso. Mawu amene Howard Dietz analembera chuni cha Arthur Schwartz mu 1931 sakumveka ngakhale limodzi. Ndiye ngati nyimbo ndi chuni ndi mawu, monga ambiri amaganizira, pano theka la nyimbo palibe. Komatu pamathero pake woonera aliyense amadziwa kuti anthu awiriwa agwirizana, ndiponso kuti akondana. Wamuuza ndani?

Chuni cha Schwartz chimayamba mouma gwa. Chimakakamira pa noti imodzi, kusuntha pang'ono, kubwerera. Wosanja wosaleza mtima akanachiona ngati chosowa kanthu n'kuchiunjikira zokongoletsa. Salinger anaona mipata. Awiriwa akungoyenda, orchestra nayo ili ngati ikungoyenda, yosatsimikiza. Charisse apota kamodzi ngati akuyesa madzi, Astaire ayankha, kenaka mavayolini anyamula chunicho mopepuka, ndipo pansi pake pabadwa liwu lina. Mvetserani pamenepo. Pamene chuni chaima pa noti yake yaitali, liwu la pansilo limayenda, ndipo chuni chikayamba kuyenda, ilo limadikira. Ndi anthu awiri opatsana mpata, zomwezo zimene miyendo ikuchita pa kanema. Gule akamakula, siketi yoyera ya Charisse ikutambasuka, malipenga amalowa, koma osati kudzaphulika. Amakankha funde kuchokera pansi, funde likwera, lisweka, ndipo m'malo momaliza ndi chiphokoso monga mwambo wa Hollywood, zonse zimaphwa pang'onopang'ono mpaka awiriwo akwera masitepe akuvinabe n'kukhalanso m'ngolo yawo. Aaa, koma zinthu zake! Ndimati ndikafika apa ndimabweza, osati kuti ndionenso, koma kuti ndimvenso, maso nditatsinzina.

Yesani zimenezo, n'zosavuta. Onerani gule ameneyu mawu mutatseka. Mudzaona akatswiri awiri ovina bwino kwambiri pakati pa mitengo yopanga ya mu situdiyo. Kenaka tsekani maso musiye makutu. Nkhani yonse ya mantha, kuyesana ndi kumasuka idzakhalapobe.

Pali masanjidwe ena amene anthu amawaombera m'manja, ine ayi. Kuja kotsatira wovina ndi ng'oma, akagwa phi ng'oma nayo phi, n'kwa makatuni, ndipo mwana wa sukulu akhoza. Kumaliza nyimbo iliyonse ndi malipenga onse pamwamba ndi njira yopemphera m'manja basi. Ngakhale gule wamkulu uja wa mphindi 17 womaliza An American in Paris, amene Salinger yemweyo anaikapo dzanja, kwa ine ndi chionetsero cha ndalama za MGM kuposa luso la khutu. Za The Sound of Music, imene ambiri kuno ndiyo amaidziwa, ndingoti Irwin Kostal anagwira ntchito yaudongo, tipitirire.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti lero zida zachuluka koma chuni chachiwiri chasowa. Lowani m'masitudiyo ambiri ojambulira nyimbo, kwathu kuno ngakhale kunja. Wa kiyibodi asankha mawu a mavayolini, aponda kodi ndi zala zitatu, aigwira mpaka bala ithe, asinthe, aigwirenso. Amati akudzaza nyimbo. Kudzaza! Mawu amenewo ndi amene akulongosola matenda onse, poti mpata umene woimba wasiya akuuona ngati dzenje lofunika kukwirira, pamene ndi malo oti wina ayankhe. Ndipo n'zodabwitsa kuti izi zichitike pakati pa anthu amene nyimbo zawo za pamtondo, za pamaliro ndi za kubwalo zimayenda ndi wotsogolera ndi ovomera. Salinger analibe matrack osawerengeka. Mafilimu ake ambiri omwe ndatchulawa anthu ankawamvera mu mono, mawu onse kutulukira pamodzi. Kuti liwu la mkati limveke pamenepo, linkayenera kulembedwa pamalo pake penipeni, pa chida choyenera, pa nthawi imene ena achepetsa. Kulemera kumene mumamva kuja si kuchuluka kwa anthu, ndi kakhalidwe ka manotsi.

Ndikudziwa zimene otsutsa amanena, zoti ndi shuga wochuluka, nyimbo zonyengerera mtima. Pena ali ndi mfundo. Brigadoon ya 1954 ndi filimu yolemera miyendo, mapiri a Scotland ojambula ndi penti pa chinsalu, ndipo "The Heather on the Hill" imakoma mopitirira zimene maso akuona, mpaka kuchita ngati ikunama. Koma wolakwa pamenepo ndi wa penti. Ndipo amene akuganiza kuti Salinger ankangodziwa zofewa akamvere "The Trolley Song" ya mu Meet Me in St. Louis ya 1944. Hugh Martin ndi Ralph Blane analemba nyimbo, Garland anaiimba, koma galimoto ya pa njanjiyo, belu lake, kugwedezeka kwake, kuthamanga kwa mtima wa mtsikana amene akufunafuna mnyamata pakati pa okwera, zonsezo zili mu orchestra. Salinger sanali yekha ku MGM, zimenezo ndivomere. Skip Martin ankatenga zambiri za jazz, Leo Arnaud analipo, Alexander Courage analiponso, yemwe uja anadzapeka nyimbo yotsegulira Star Trek. Koma nyimbo ya chikondi ikabwera, kapena gule wa anthu awiri, ankadziwa khomo logogoda.

Tsono tiyeni ku mphoto, kumene ulesi wa makutu unavala suti. Easter Parade inapata Oscar ya nyimbo, analandira Johnny Green ndi Roger Edens. On the Town ya 1949, Edens ndi Lennie Hayton. Seven Brides for Seven Brothers ya 1954, Adolph Deutsch ndi Saul Chaplin. Gigi ya 1958, André Previn. M'mafilimu onsewa Salinger anasanjamo nyimbo. Dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana kamodzi kokha, pa Show Boat ya 1951, limodzi ndi Deutsch, ndipo anagonja. Anagonja kwa Green ndi Chaplin, pa An American in Paris, filimu imene mwini wake yemweyo anaisanjira nyimbo. Sindikunena kuti anthu amenewa anamudyera masuku pamutu mwadala. Anali akatswiri, ndipo Previn ankamutamanda poyera. Dongosolo lake ndi limene linali lopusa, lopatsa mphoto woimika ndodo patsogolo pa orchestra n'kusiya wolemba zimene orchestrayo ikuwerenga. Choseketsa n'chakuti Singin' in the Rain ndi nkhani ya mtsikana woimba kuseri kwa katani pamene wina akungoyendetsa milomo kutsogolo, ndipo oonera amakondwa katani ija ikakwezedwa. Koma m'nyimbo ya "Would You?", mawu amene timati ndi a Debbie Reynolds, wosewera mtsikanayo, kwenikweni ndi a Betty Noyes. Katani imeneyo ku Hollywood sankaikweza.

Mafilimu a nyimbo atayamba kuchepa, Salinger analowera ku wailesi ya kanema, kukapeka nyimbo za sewero la Bachelor Father. Filimu yake yomaliza inali Billy Rose's Jumbo, ndipo anamwalira mu 1962, chaka chimene inatuluka. Mu 1969 akuluakulu a MGM, pofuna malo ndi kuchepetsa ndalama zowonongeka, anataya mapepala a orchestra a mafilimu awo. Anakawakwirira ku dzala limene pamwamba pake panadzakhala bwalo la gofu.

Taonani chimene chinatayika ndi chimene chinatsala. Chuni cha nyimbo iliyonse chinali chosindikizidwa, chogulitsidwa m'masitolo, palibe anachisowa. Chinapita pansi ndi ntchito ya Salinger ndi anzake. Ndiye pamene John Wilson, wotsogolera orchestra wa ku Britain, anafuna kuti nyimbozi zimvekenso pa siteji, zomwe anachita ku BBC Proms mu Royal Albert Hall mu 2009, anadalira timabuku tachidule ta wotsogolera timene tinapulumuka, ndi khutu lake. Anakhala zaka akumvera mafilimuwo, kubweza, kumveranso, kulemba noti imodzi imodzi, kusakasaka chimene horn yachiwiri ndi viola zinkaimba pansi pa mawu a woimba ndi phokoso la nsapato za ovina.