Njala, Ufiti ndi Ziphuphu pa Sikelo ya Akatswiri

Kale tinkadziwa kuti ntchito ya akatswiri a zachuma ndi kuwerengera misonkho ndi mitengo ya mbewu. Masiku ano alowanso m'nkhani za mtima wa munthu, nafunsa chimene chimamdyetsa ziphuphu ndi chimene chimamphetsa mbale wake. Limodzi mwa mabuku otere ndi Economic Gangsters, limene Raymond Fisman ndi Edward Miguel, aphunzitsi a m'mayunivesite a ku America, adatulutsa mu 2008. Tiliyamikira bukuli, koma tili nalonso mafunso.

Nkhani yowawa koposa ndi ya ku Meatu, boma lina la ku Tanzania. Miguel adasonkhanitsa mbiri ya midzi 67 ya zaka za 1992 mpaka 2002, napeza kuti m'zaka za chilala kapena za madzi osefukira, ophedwa powaganizira ufiti ankachuluka kuwirikiza kawiri. Ambiri anali amayi okalamba, ndipo kawirikawiri owapha anali abale awo omwe. Mvula ikagwa bwino, gogo ndi mlezi wa adzukulu. Nkhokwe ikauma, gogo yemweyo ndiye mfiti. Apa manambala agwira ntchito yabwino, pakuti avula chigoba chimene nkhanza imavala. Ife sitingayese zimenezi zachilendo: mu 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti.

Pa nkhani ya ziphuphu olembawa atitengera ku New York. Akazembe a ku United Nations sazengedwa milandu m'makhoti a kumeneko, choncho ambiri ankaimika galimoto pamalo oletsedwa osalipira chindapusa. Pakati pa 1997 ndi 2002 zindapusa zosalipidwa zidaposa 150,000, ndalama zake zopitirira madola 18 miliyoni. Akazembe a maiko odziwika ndi katangale ndiwo ankalakwa kwambiri, pamene a ku Norway ndi Sweden sankasiya ngongole. Olembawa akuti munthu amanyamula chizolowezi cha kwao kulikonse kumene apita.

Pamenepa tiyenera kusamala. Akazembe owerengeka si mtundu wonse, ndipo kuimika galimoto pamalo oletsedwa sikufanana ndi kuba mankhwala m'chipatala. Wowerenga mopupuluma atha kunena kuti mitundu ina idabadwa yakuba. Komatu kafukufuku yemweyo akutsutsa bodza limeneli: mu 2002 akuluakulu a mzindawo atayamba kulanda nambala za galimoto za osalipira, milandu idachepa ndi pafupifupi 98 pa 100 iliyonse. Chizolowezi chimagonja lamulo likaluma aliyense mosayang'ana nkhope.

Dandaulo lathu lalikulu nali. Bukuli limawerenga amene adagwa, koma silitiuza zambiri za amene adaima. Ku Meatu mabanja ochuluka adagona ndi njala yomweyo, nagawana ndi gogo kansima kochepako, osanyamula chikwanje. Chidawagwira dzanja n'chiyani? Chikumbumtima, kuopa Mulungu ndi mawu a makolo akuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, zonsezi sizikwera pa sikelo ya akatswiri. Njala imatiuza nyengo imene tchimo limachuluka, koma siichotsa mlandu pa wochimwayo.

Komabe tisadzitame msanga ndi chipembedzo chathu. Olembawa akulangiza kuti boma lizipatsa okalamba kandalama mwezi ndi mwezi, kuti banja lisamaone gogo ngati pakamwa pongodya. Tingachite manyazi kuti moyo wa mayi utetezedwe ndi ndalama, koma langizoli ndi lanzeru, ndipo likutiloza chala. Ngati tadziwa kuti chaka cha njala ndicho chaka choopsa kwa okalamba, miphakati yathu isadikire maliro. Mvula ikadula mu Januwale, tiyambiretu kuwerenga okalamba a m'mudzi mwathu, tidziwe amene agona ndi njala ndiponso amene ayamba kunong'onezedwa, ndipo tiwafikire ife chikwanje chisanawafikire.