Amisiri Onola Chida Chosaoneka ndi Maso

Mlimi wa chimanga cha makolo ku Njakwa, kumene mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri, akapeza njere imodzi yokhala ndi timadontho tofiirira, kawirikawiri amakhala waona ntchito ya tizigawo ta DNA timene timadumpha malo. Barbara McClintock anatitulukira m'chimanga m'zaka za m'ma 1940, koma mphoto ya Nobel inachedwa, inamupeza mu 1983.

Chimene chimadula kachigawoko n'kukasokerera pena ndi enzyme yotchedwa transposase. Amisiri amene ndikuwavulira chipewa ndi amene amainola. Mu 1997, Zoltán Ivics, Zsuzsanna Izsvák ndi Perry Hackett ku University of Minnesota anatola zidutswa za transposase imene inafa kalekale mu DNA ya nsomba, nakonza zolakwika chimodzichimodzi mpaka inadzukanso. Anaitcha Sleeping Beauty. Poyamba inali yaulesi. Ofufuza anapitiriza kusintha ma amino acid, kuyesa, kutaya, kuyesanso, monga wosula makasu amene sakhutira ndi kuthwa kwa dzulo. Pofika 2009 panatuluka SB100X, yamphamvu pafupifupi kuwirikiza ka 100.

Lero madokotala akuiyesa polowetsa DNA m'maselo oteteza thupi kuti azilimbana ndi khansa ya m'magazi, njira yotsika mtengo kuposa yodalira mavairasi. Ku dziko ngati lathu, kutsika mtengoko n'kumene kumandichititsa kuti ndiwaombere m'manja.