Nkhani Ili pa Lole

Loweruka lina m'mamawa tinakwera lole ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, kuperekeza timu yathu ya m'ligi ya chigawo cha kumpoto ku Karonga. Tinasonkherana ndalama za mafuta, ndipo mkulu wina anagulitsa tambala wake kuti asatsale. Potsetsereka pa Chiweta nyimbo zonse zinati zii, aliyense atagwiritsa chitsulo, nyanja ikuoneka kumunsi. Tinagonja 2-0, n'kubwerera usiku ndi njala.

Lolemba ndinatsegula nyuzipepala. Masamba a zamasewero anadzaza ndi Bullets ndi Wanderers. Ife anatipatsa kamzere kamodzi ka zigoli basi.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi alembi athu, atolankhani ndi olemba nthano omwe. Iwo amayesa mpira ndi zigoli ndi mayina otchuka, chonsecho nkhani yeniyeni ili pa lole paja: bambo wogulitsa tambala chifukwa cha anyamata osewera ulere. Chitipa United ndi Karonga United zinachokera m'ligi yomweyi zisanalowe mu Super League. Mlembi wodikira kuti timu iyambe yatchuka amapeza nkhani itatha kale. Akwere nafe lole adzionere yekha.