Za Mawu Akuti "Kudzimanga" pa Nkhani ya Miyalo ya pa Golide

M'chaka cha 1983 Ralph Nuzzo ndi David Allara a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti golide akaviikidwa m'madzi osungunuliramo mamolekyu okhala ndi sulufule, mamolekyuwo amakuta golideyo ndi muyalo umodzi wokha. Gulu la George Whitesides la ku Harvard linafufuza mozama nkhaniyi m'chaka cha 1989. Omasulira akafika pa chinthuchi amathamangira kunena kuti ndi "muyalo wodzimanga wokha". Mawuwa ndi osakwanira, ndipo akhoza kusocheretsa wophunzira.

Choyamba, mneni wakuti "kumanga" amafuna mmisiri wodziwa chimene akufuna kupanga. Pa golide palibe mmisiri. Mutu wa molekyu, umene uli ndi sulufule, umagwira golide mwamphamvu. Michira yake ya kaboni imakokana pang'onopang'ono mpaka kuima mothithikana, itapendekeka madigiri pafupifupi 30, ndipo mitu imatalikirana pafupifupi theka la nanomita. Zonsezi zimachitika chifukwa cha mphamvu zokokana, osati chifukwa cha cholinga.

Chachiwiri, m'phatikiri wakuti "-dzi-" amapatsa molekyu nzeru zimene ilibe. Mwana akamva kuti chinthu "chadzimanga", amaganiza kuti chinasankha kutero. Chichewa chili kale ndi njira yonenera zochitika popanda wozichita, monga m'mawu akuti "kusweka" ndi "kung'ambika". Motero "kuyalika" ndi mneni woyenera.

Chachitatu, "kudzimanga" kumabisa nthawi ziwiri za ntchitoyi. M'mphindi zochepa mamolekyu amakhala atakuta golide, koma pamafunika maola ambiri kuti aime mwadongosolo. Mawu akuti "kuyalika" ndi "kukhazikika" amasiyanitsa bwino nthawi ziwirizi.

Komabe "kuyalika" nakonso kuli ndi chofooka chake, pakuti kumakumbutsa mphasa yogona pansi, pamene mamolekyuwa amaima ngati udzu wa m'dambo. Kuimako n'kofunika, chifukwa nsonga za michira ndizo zimalamulira khalidwe la muyalo: nsonga za methyl zimakana madzi, pamene za hydroxyl zimalola madzi kufalikira. Golide amasankhidwanso chifukwa sachita dzimbiri.

Choncho mawu akuti "muyalo umodzi woyalika wokha" ayenera kulandiridwa, koma buku lililonse lowagwiritsa ntchito lifotokoze kuti mamolekyuwo amayalika choimirira.