Timu yopanda dzina, bwalo lodzaza: ndemanga ya buku la Breakaway

Pa 20 April 2024, anthu 21,105 adadzaza bwalo la Bell Centre mumzinda wa Montreal, ku Canada, kukachemerera timu yopanda dzina. Pachifuwa pa osewera panalibe chizindikiro chilichonse, koma dzina la mzinda lolembedwa mopingasa basi, poti ligi yawo ya PWHL idakhazikitsidwa mothamanga ndipo mayina a matimu anali asanapezeke. Timuyo idagonja 3-2 kwa Toronto. Komabe chiyambire, masewero a hockey ya amayi anali asanaoneredwepo ndi khamu lotero. Timu yopanda dzinayi ndiyo Karissa Donkin, mtolankhani wa CBC, akuitsatira m'buku lake, Breakaway: The PWHL and the Women Who Changed the Game, lomwe a Goose Lane Editions adasindikiza mu 2025.

Kwa ife amene madzi oundana timangowaona mufiriji, tiyambe tamvana za masewerowo. Hockey yomwe ikunenedwa pano si ija ya pa udzu. Iyi imaseweredwa pabwalo la madzi oundana lotchingidwa ndi matabwa kuzungulira. Wosewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, n'kumatsetsereka, ndodo ili m'manja. M'malo mwa mpira pali puck, kalabala kakuda, kolimba, kophwatalala, kolemera pafupifupi magalamu 170. Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwalo, kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi lotopetsa moti osewera amasinthana masewero ali mkati, kawirikawiri mphindi imodzi isanathe.

Nkhani ya hockey ya amayi ikangoyambika, kaya ndi ku Canada kaya ku America, sipalephera wina wofunsa ngati ikufanako pa ya abambo. Ena amati ndi yochedwa. Ena amati mulibe kugundana, ndiye si hockey yeniyeni. Bukuli silidamangidwe ngati mtsutso woyankha anthu amenewa. Msana wake ndi wina: momwe osewera adavutikira kuti ligi ya Professional Women's Hockey League (PWHL) ibadwe, momwe matimu adasankhirana osewera, zokonzekera, ndi chaka choyamba cha ligiyo poyang'anira pa timu ya Montreal ya Marie-Philip Poulin, Laura Stacey ndi Erin Ambrose. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yanzeru. Mtolankhani akamalemba za amayi monga momwe amalembera za timu ina iliyonse, za kuvulala, makontrakiti ndi zigoli zophonyedwa, wayankha kale funsolo popanda kulipatsa ulemu wolifunsanso.

Koma wolemba ndemanga ali ndi ufulu wolowa pomwe buku ladutsa, ndiye tiloweko.

Za kugundana ndizo zimandidabwitsa kwambiri. Mu 1990, pa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi womwe udachitikira ku Ottawa, kugunda mnzako ndi thupi kuti umulande puck kunali kololedwa. (Ndi mpikisano womwewo umene timu ya Canada adaiveka yunifolomu ya pinki m'malo mwa yofiira, pofuna kukopa anthu.) Mpikisanowo utatha, bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse, la IIHF, lidaletsa kugundanako kwa amayi. Zaka makumi atatu atsikana adakula akusewera motsatira lamulo limenelo, kenako anthu n'kumawanyoza kuti sagundana, ngati kuti lamulolo adalemba ndi iwo. Ligi ya ku Sweden idabweza kugundana mu 2022, ndipo PWHL idakuloleza kuyambira tsiku loyamba, bola cholinga chikhale cholanda puck. Amene adaonera masewero oyamba a ligiyi pa 1 January 2024, New York itakwapula Toronto 4-0, adamva matabwa akulira. Kumenyana nkhonya, komwe mu ligi ya abambo ya NHL chilango chake chimangokhala mphindi zisanu pabenchi, ndiye kosowa kwa amayi. Koma ku Olympics nawonso abambo akamenyana amatulutsidwa m'bwalo, ndipo palibe amene amati imeneyo si hockey.

Za liwiro, tivomereze pomwe pali poona. Mu 2019, pa chionetsero cha akatswiri a NHL ku San Jose, Kendall Coyne Schofield adapikisana ndi amuna kuzungulira bwalo kamodzi. Adatenga masekondi 14.346, n'kukhala wachisanu ndi chiwiri mwa anthu asanu ndi atatu. Connor McDavid, amene adapambana, adatenga 13.378. Wofuna kunena kuti amuna amathamanga kuposa amayi, manambala akumuvomereza. Wofuna kunena kuti amayi ndi ochedwa, akhale kaye pansi aganizire kuti kusiyana kwake kunali kosakwana sekondi imodzi, ndipo mwamuna mmodzi wa mu NHL adatsalira kumbuyo. Chomwe chimamuimitsa munthu pampando si liwiro la pa wotchi ayi, koma matimu awiri ofanana mphamvu akulimbirana chinthu chimodzi. Kwathu kuno timachidziwa bwino chimenechi. Palibe Mmalawi amene amaonera ma Queens ali pamoto n'kumafunsa ngati Mwawi Kumwenda angamupose mwamuna kudumpha. Netibolo idatipeza ili kale masewero a amayi, ndiye palibe chithunzithunzi cha abambo choiphimba.

Dandaulo lomwe lili ndi mano ndi lakuti masewerowa akhala a mayiko awiri okha. Kuyambira mu 1998, pomwe hockey ya amayi idalowa ku Olympics ku Nagano, mpaka mu 2022, mendulo yagolide yangozungulira pakati pa Canada ndi America, ndipo ndi mu 2006 mokha momwe dziko lina, Sweden, lidafika mufainolo. Mu 2010 Canada idamwetsa Slovakia 18-0, mpaka mkulu wa Olympics panthawiyo, Jacques Rogge, adachenjeza kuti zinthu sizingapitirire chomwecho. Apa palibe chotsutsa. Koma phompho limeneli silidakumbidwe ndi chilengedwe. Lidakumbidwa ndi ndalama, ndipo apa ndi pomwe buku la Donkin likugwira ntchito yake yeniyeni.

Ligi yakale ya ku Canada, ya CWHL, idayamba mu 2007 ndipo kwa zaka khumi sinkalipira osewera. Itayamba kulipira mu 2017, ndalamazo zinali pakati pa madola 2,000 ndi 10,000 a ku Canada pa chaka chonse. Mayi amakhala mphunzitsi kapena wogwira ntchito muofesi masana, n'kukachita zokonzekera usiku, nthawi imene ena onse amaliza kugwiritsa ntchito bwalo. Kumuyerekeza munthu wotere ndi mwamuna amene ntchito yake ndi kudzuka, kudya bwino, kusewera ndi kupuma, n'kumati tikuyeza luso, ndi chinyengo. Mu 2019 ligiyo idagwa. Osewera oposa 200 adalengeza kuti sasewera mu ligi iliyonse ya ku North America mpaka patapezeka ina yoti munthu n'kudyerapo. Adapanga bungwe lawo, la PWHPA, n'kumayendayenda m'mizinda kusewera masewero achionetsero. Kunyanyalako kudatenga zaka zinayi. Kwa munthu wa muofesi zaka zinayi n'zochepa, koma kwa wosewera ndi gawo lalikulu la nthawi yomwe miyendo ili yake.

Mapeto ake, kudzera mwa Billie Jean King, katswiri wakale wa tenesi, adapeza Mark Walter, mpondamatiki yemwe ndi mwini wa timu ya baseball ya Los Angeles Dodgers. Chomwe ndikufuna wowerenga asachidumphe ndi ichi: osewera adasainirana mgwirizano wa malipiro ndi eni ligi mu 2023, puck isanaponyedwe n'komwe, mgwirizano wofika mpaka 2031. Malipiro otsikitsitsa adayikidwa pa madola 35,000 a ku America pachaka, apakatikati 55,000. Mu NHL chaka chomwecho wolandira zochepetsetsa ankalandira 775,000. Kusiyanako ndi kwakukulu mochititsa manyazi, komabe mumgwirizanowo mudalowa ndalama ya nyumba, chithandizo cha kuchipatala ndi tchuthi cha uchembere. Zotsatira zake zidaoneka msanga. Natalie Spooner wa Toronto, yemwe adabereka mu December 2022, adagoletsa zigoli 20 m'masewero 24 n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Coyne Schofield, yemwe adabereka mu July 2023, ndiye kaputeni amene adanyamula chikho choyamba cha ligiyi mu May 2024, Minnesota itagonjetsa Boston.

Kusankha kutsatira Montreal kumaoneka ngati njira yachidule, poti kumeneko ndi komwe kuli Poulin. Mayi ameneyu adagoletsa m'mafainolo anayi a Olympics. Mu 2010 zigoli zonse ziwiri za Canada zinali zake. Mu 2014 ku Sochi adafananitsa zigoli kutatsala mphindi yosakwana imodzi, n'kudzagoletsanso chopambanira m'nthawi yoonjezera. Mu 2022 adagoletsa ziwiri mwa zitatu. Wolemba aliyense angafune kukhala pafupi ndi munthu wotere. Koma mwayi weniweni wa bukuli ndi wakuti Montreal sidatenge chikho. Idathera pa nambala yachiwiri mu ligi, n'kukakumana ndi Boston mu semifainolo, n'kugonja masewero atatu otsatizana, onse m'nthawi yoonjezera. Achiwiri, omwe adachitikira pa bwalo la Place Bell ku Laval, adafika mpaka chigawo chachitatu choonjezera. Ambrose, wotchinga kumbuyo, adakhala m'bwalo mphindi zoposa 60 usiku umenewo, m'masewero omwe wotchinga kumbuyo akafika mphindi 25 amati wagwira ntchito. Goloboyi wa Boston, Aerin Frankel, adabweza puck kuposa ka 50 pa masewero amodzi, kawiri konse. Ndipo amene adagoletsa zigoli zopha Montreal m'masewero oyamba ndi achitatu sanali wa ku Canada kapena ku America, koma Susanna Tapani wa ku Finland. Amene akudandaula za mayiko awiri aja azindikire pamenepa. Tapani, Alina Müller wa ku Switzerland ndi Tereza Vanišová wa ku Czechia tsopano amalimbana ndi akatswiri a ku North America sabata ndi sabata, osati kamodzi pachaka.

Nkhani ya timu yopambana ikadasanduka nyimbo yotamanda. Ya timu yomwe idadzaza mabwalo n'kulira pamapeto imamupatsa wowerenga ukali womwe masapota a timu iliyonse amaudziwa: kufunsa chifukwa chomwe mphunzitsi Kori Cheverie adatopetsera osewera ochepa ena atakhala pabenchi. Funso limenelo ndi lamasewero, si lachifundo.

Ligiyi idabweretsanso malamulo ake omwe NHL ilibe. Wosewera akalakwa amakakhala kunja mphindi ziwiri, timu yake n'kutsala yoperewera. Mu PWHL, timu yopereweraya ikagoletsa, wolangidwayo amabwerera m'bwalo nthawi yomweyo. Ndipo timu yothera pamwamba imasankha yokha yokumana nayo mu semifainolo. Toronto idasankha Minnesota, n'kutsogola 2-0, n'kudzagonja masewero atatu otsatizana.

Zofooka zilipo. Bukuli ndi la Chingerezi ndipo lidalembedwera anthu omwe adakulira pabwalo la madzi oundana. Wosadziwa masewerowa ayambe waonerako pang'ono pa YouTube, pomwe ligiyi inkaonetsa masewero ake onse ulere m'chaka choyamba, kuti mayina ndi malamulo asamuzunguze mutu. Chachikulu n'chakuti lidatuluka msanga, ligi ili ndi zaka ziwiri zokha, ndiye mutu wake ukulonjeza zomwe nthawi sinatsimikize. Inde, mayina adabwera mu September 2024, Montreal n'kukhala Victoire, ndipo mu 2025 Vancouver ndi Seattle adalowa. Koma ligi idayamba matimu onse asanu ndi imodzi ali m'manja mwa mwini mmodzi. Mphamvu zotere zimathandiza kumanga mwachangu, komanso zimatha kuluma. Patangopita masiku ochepa Minnesota itatenga chikho, Natalie Darwitz, yemwe adamanga timuyo, adachotsedwa paudindo, ndipo chiganizocho chidachokera kulikulu la ligi.

Palinso mbali ina. Pa zaka zinayi za kunyanyala zija, si onse adanyanyala. Ku America kunali ligi ina yomwe idayamba mu 2015 ngati NWHL, n'kudzasintha dzina kukhala PHF, ndipo inkalipira. Pofika mu 2023 inali ndi matimu asanu ndi awiri, ndipo Daryl Watts anali atasaina kontrakiti ya madola 150,000. Gulu la Walter litagula ligiyo mu June 2023, idatsekedwa ndipo makontrakiti onse adafufutidwa. Ena adapeza malo mu PWHL, ambiri adatsala padzuwa. Poulin, Stacey ndi Ambrose, omwe ali patsogolo m'bukuli, onse anali a mbali ya onyanyala, mbali yomwe idapambana, ndipo wowerenga akumbukire zimenezi akamatembenuza masamba. M'chipinda chovalira chomwecho cha Montreal munalinso Jillian Dempsey, mphunzitsi wa kupulaimale yemwe anali kaputeni wa Boston Pride, wotenga zikho zitatu komanso wogoletsa zigoli zochuluka kuposa aliyense m'mbiri ya ligi yotsekedwayo. Iye adafika ku Montreal ngati wosewera wamba wa m'mizere yakumbuyo, atasankhidwa anthu oposa 60 atatchulidwa kale. Anthu a mbali imeneyo akufunika buku lawolawo.