Kodi Mau Aciritsa? Za Buku la Dr. Jerome Frank

Iye amene aima pa doko la Nkhata Bay tsiku lofika Ilala aona nkhope za mitundu mitundu. Wina alandira mwana wace wocokera ku Johannesburg. Wina angoyang'ana madzi, pakuti mwera unagubuduza bwato la mwamuna wace. Mai wotere sagona tulo, sakhumba nsima, angoti mtima uli kundiwawa. Koma ku cipatala apima mwazi wace, napeza kuti mulibe malungo. Nanga adzaciritsidwa ndi ciani? Funso limeneli ndilo landicititsa kuyesa buku la Dr. Jerome Frank lochedwa Persuasion and Healing, ndiko kunena, kukopa mtima ndi kuciritsa.

Frank anali dotolo wa nthenda za maganizo pa sukulu ya Johns Hopkins ku Baltimore. Buku lace linaturuka m'caka ca 1961, ndipo mu 1991 analikonzanso pamodzi ndi mwana wace Julia. Nkhani yace ndiyo ya maciritso opanda jekeseni: wodwala ndi mlangizi akhala pansi, sabata ndi sabata, wina anena za mumtima, wina amvetsera. Kuyambira pamene Breuer ndi Freud analemba za njira iyi ku Vienna mu 1895, ophunzira akhala ali kutsutsana. Ena ati muzu wa nthenda uli m'zobisika za ubwana. Ena ati uli m'maganizo okhota ndi m'zizolowezi za lero. Koma Frank anafunsa kuti, ngati onsewa sagwirizana, bwanji odwala ao acira pafupifupi cimodzimodzi?

Yankho lace ndi ili: cimene cibweretsa munthu kwa mlangizi ndico kutaya mtima, kudziona wosiyidwa yekha ndi wopanda mphamvu. Ndipo njira zonse zociritsa ziri nazo zinthu zinai. Coyamba, munthu wokhulupirika womuuza za kukhosi. Caciwiri, malo odziwika kuti ndiwo a maciritso. Cacitatu, cifotokozo ca cimene cadzetsa nthenda. Cacinai, mwambo umene awiriwo aucita pamodzi, naukhulupirira.

Owerenga a kuno ku nyanja sadzazizwa nazo izi. Taonani vimbuza, gule wociritsa wa kumpoto kuno, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005. Nchimi ilipo, nyumba yace ilipo, dzina la mzimu wobvuta lilipo, ng'oma ndi nyimbo zilipo. Ndipo mkazi amene anakhala cete caka conse abvina pakati pa abale ace, iwo namuombera m'manja. Apa ndibvomerezana ndi Frank ndi mtima wonse. Makolo anati, kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Mankhwala oyamba ndiwo munthu mnzako.

Koma pa cinthu cacitatu ndisiyana naye. Iye ayesa kuti cifotokozo cikhoza kugwira nchito ngakhale coonadi cace sicinatsimikizike, malinga wodwala ndi sing'anga acikhulupirira onse. Ku Baltimore kapena palibe wophwetekwa nako kuganiza kumeneku. Kwathu kuno cifotokozo kawiri kawiri ciri ndi dzina la munthu. Mukauza mai wofedwa kuti mwana wace anadyedwa ndi apongozi, inde mtima wace ukhoza kupepuka, pakuti wapeza pokhazika cisoni cace. Koma nkhalamba ija idzagona kuthengo. Si cabe kuti lamulo la 1911 linaletsa kuchula munthu mfiti. Frank anaona yekha kuti kukopa mtima kukhoza kuononga, pakuti analembanso za iwo okakamiza akaidi kusintha maganizo; koma maso ace anali pa wodwala, sanali pa mnansi wa wodwalayo. Ciritso limene mtengo wace ulipidwa ndi munthu wina wosacimwa, ine sindilicha ciritso iai.

Cina cimene tiyenera kucilemera koposa ndico cinsinsi. Tauni yathu njaing'ono. Mau onenedwa m'mawa pa msika wa usipa afika ku Chintheche lisanalowe dzuwa. Pa bwalo la ng'oma mudzi wonse umva, ndipo ziripo zina zimene mtsikana sakhoza kuzinena pamaso pa amalume ace. Apa cipinda cotseka ca mlangizi cipambana bwalo. Carl Rogers analemba mu 1957 kuti mlangizi akhale wopanda cinyengo, alandire wodwala wosamweruza, namve zowawa zace monga ngati nzace za iye mwini. Ndionjezapo kuti mphamvu yomweyo yociritsa ndiyo yoopsya. Wotaya mtima agwira ciri conse, monga womira m'nyanja. Cifukwa cace mlangizi asamsandutse bwenzi la m'seri, kapena wanchito wace, kapena munda wokololamo ndalama. Mlangizi wabwino afulumira ku tsiku limene wodwala sadzamfunanso.

Kodi ulipo umboni wa kuno kwathu? Ulipo. Ku Harare, kuyambira 2006, Dr. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benci kunja kwa cipatala, kumvetsera iwo obvutika ndi kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha bvuto limodzi ndi kulimasula pang'ono pang'ono. Pamene nchitoyi inayesedwa pa anthu 573, zopeza zace zinasindikizidwa mu 2016: okhala pa benci anacira koposa anzao olandira cithandizo ca masiku onse. Agogo amenewa sachula mfiti. Cifotokozo cao nca ngongole, njala, maliro ndi ndeu za m'banja, zinthu zimene munthu akhoza kuzigwira ndi manja.

Tisaiwalenso malire a mau. Khunyu ndi misala yaikuru zifuna mankhwala, ndipo ku Mzuzu, mtunda wa makilomita ngati 50 kucokera kuno, a St John of God asamalira odwala otere.

Potsiriza ndinena kuti buku ili nlabwino, pakuti licepetsa kudzitama kwa madotolo, nilicotsa manyazi a nzeru za makolo. Koma woliwerenga aonjezepo mafunso awiri pa sing'anga ali yense, wa ng'oma kapena wa mabuku: kodi asunga cinsinsi ca mai uja wa pa doko? Ndipo mai uja atacira, ndani amene atsala ali kulira?