Mawu Ofotokozera Ntchito Yokonza Madzi Akumwa

Mliri wa kolera umene udayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 udafalikira m'maboma onse a dziko lino. Anthu oposa 58,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira. Pa nthawi imeneyo, makamaka ntchito ya Tithetse Kolera itakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023, padalembedwa Chichewa chambiri chokamba za madzi: pa zikwangwani, m'timapepala ta kuchipatala, m'nyuzipepala ndi m'mauthenga a pawailesi. Zambiri mwa zolembazo zidali zomasuliridwa mofulumira kuchokera ku Chingerezi, ndipo palibe angadzudzule omasulira chifukwa cha changu chawo pamene anthu adali kufa. Koma zolembazo zidaonetsa poyera vuto lakale. Ntchito yonse yokonza madzi, imene ili ndi magawo osiyanasiyana, alembi amaisenzetsa mawu awiri okha, oti "kuyeretsa" ndi oti "mankhwala".

Poyesa mphamvu ya mawu ndi bwino kuganizira wowerenga weniweni. Pano aganiziridwe mlimi wa kwa Santhe m'boma la Kasungu, pa msewu wopita ku Mchinji, amene amalima fodya ndi kukagulitsa ku msika wa Chinkhoma. Kwawo amamwa madzi a pamjigo kapena a pachitsime cha kudambo. Akapita pa boma la Kasungu amamwa madzi a m'mipopi ochokera m'damu la Chitete, operekedwa ndi bungwe la Central Region Water Board, limodzi mwa mabungwe a madzi a m'zigawo amene adakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1995. Munthu ameneyu amadziwa madzi, ndiponso amadziwa mankhwala kuposa alembi ambiri a m'tawuni. Mawu osasamalika sangamudutse.

Madzi a m'damu kapena a mumtsinje sakonzedwa ndi ntchito imodzi. Poyamba amathiridwa mchere wina wotchedwa alamu, umene umachititsa kuti timatope toyandama tigwirane ndi kupanga timibulu tolemera. Kenaka madziwo amalowa m'mathanki aakulu momwe amayenda pang'onopang'ono kuti timibuluto titsike pansi. Akachoka m'menemo amadutsa mumchenga umene umagwira zotsala. Pomaliza amathiridwa mankhwala opha tizilombo, ndipo amasungidwa mphindi zosachepera 30 asadalowe m'mipopi. Woyang'anira malo otere amayeza gawo lililonse palokha. M'nyengo ya dzinja, madzi akafiira ndi dothi la m'minda, amaonjezera alamu. Mchenga ukatsekeka amautsuka pobweza madzi chammbuyo. Iye amadziwa kuti magawo atatu oyambawo amakonza maonekedwe a madzi ndi kuchepetsa tizilombo, koma lachinayi ndilo limapha totsalato.

Mlembi akatcha zonsezi "kuyeretsa madzi", ndipo zotsatira zake akazitcha "madzi oyera", waphunzitsa wowerenga chinthu cholakwika. M'Chichewa kuyera ndi nkhani ya maso. Ufa umayera, nsalu imayera, kunja kumayera. Madzi a pachitsime cha kudambo m'mwezi wa Ogasiti amakhala oyera mbee, pansi pa ndowa pooneka, komabe angathe kukhala ndi tizilombo ta kolera kapena ta kamwazi. Mayi amene wauzidwa kuti "imwani madzi oyera" akayang'ana mumtsuko mwake aona kuti lamulolo walikwaniritsa kale. Mawu oti "madzi aukhondo" ndi abwinopo, koma nawonso amakokera maganizo ku kusowa kwa zinyalala zooneka. Amene adalemba bwino ndi aja adasankha mawu oti "madzi otetezedwa", chifukwa mawuwa amaonetsa kuti pali chimene munthu wachita pa madziwo, ndipo sanena kanthu za maonekedwe. Akonzi akadachita bwino kusunga "oyera" pa zooneka ndi maso zokha, ndi "otetezedwa" pa madzi owiritsa kapena othiridwa mankhwala opha tizilombo.

Chodandaulitsa ndi chakuti chiyankhulo sichidasowe mawu a magawo enawo. Madzi amene ng'ombe zapondamo ndi "ovunduka", ndipo "kuvunduka kwa madzi" ndi dzina lokwanira la chimene akatswiri amayeza ndi makina awo. Madzi ovunduka akasiyidwa mumtsuko "amadikha", ndipo zotsika pansi ndi "nsenga". Choncho thanki ya gawo lachiwiri ndi "thanki yodikhitsira madzi", ndipo zimene antchito amachotsa pansi pake ndi nsenga. Mawu oti "kusefa" ndi obwereka, koma adakhazikika kalekale kudzera pa sefa wa ufa, ndipo mayi aliyense amene adapangapo chidulo amadziwa madzi odutsa m'phulusa ndi kudontha pansi. "Sefa wa mchenga" sangamusokoneze. Mawu onsewa ali m'kamwa mwa anthu kwa Santhe tsiku ndi tsiku. M'zolembedwa za madzi ndimo amapezeka mwa apo ndi apo. Pa dzina la alamu, ena angadandaule kuti likufanana ndi alamu wodzutsa munthu m'mawa. Mawu ofanana kalembedwe koma osiyana matanthauzo ndi ambiri m'Chichewa, monga "mtengo", ndipo chiganizo chimawalekanitsa.

Vuto la mawu oti "mankhwala" ndi lalikulu koposa. Mawuwa amatanthauza za kuchipatala, za kwa sing'anga, zophera makoswe, zosungira chimanga, ndi zopopera mbewu. Kudera la fodya, "kuthira mankhwala" ndi ntchito ya kunazale ndi kumunda, ndipo mlimi adaphunzitsidwa kuti botolo lake lisayandikire ana kapena chitsime. Munthu yemweyo akawerenga kuti "madzi awa ndi othira mankhwala", osauzidwa mankhwala ake, sayenera kutchedwa mbuli ngati akayika. Fungo lachilendo la madzi a m'mipopi limangotsimikizira nkhawa yake. Njira yake ndi yapafupi: mlembi atchule chinthucho ndi dzina lake. Anthu adalandira dzina la WaterGuard mosavuta kuyambira pamene lidafika m'magolosale mu 2002, ndipo alangizi a zaumoyo akamagawa madzi osungunuliramo HTH m'midzi amatchula dzina lake lenileni.

Apa ndipo pamabuka nkhani ya kalembedwe. Dzina la mankhwalawa limapezeka m'njira zingapo: chlorine, klorini, kulorini, kolorini ndi kulolini. Kalembedwe koyamba ndi Chingerezi chosasinthidwa, ndipo wowerenga Chichewa adzatchula "ch" monga m'mawu oti "chala". Kachiwiri kali ndi makonsonanti "kl" ogundana, amene phatikizo la Chichewa sililola. Kachitatu ndi kachinayi kaika "r" patsogolo pa "o", pamene malamulo a kalembedwe a Bungwe la Chichewa, amene adatuluka mu 1973 ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, amafuna "r" pamene lembo la m'mbuyo mwake ndi "e" kapena "i" m'kati mwa tsinde la mawu. Ndi chifukwa chake "kolera" ndi wolembedwa bwino: "l" watsatira "o", ndipo "r" watsatira "e". Kachisanu katsata lamulo, koma "ku" woyambayo amaoneka ngati mphatikiram'mbuyo wa mneni, ngati kuti pali mneni woti "lolini". Kalembedwe kopanda zovuta zonsezi ndi "kololini". Kangaoneke kachilendo masiku oyamba, monga adaonekera "sukulu" ndi "buledi". Dzinali lili m'gulu limodzi ndi shuga ndi sopo, choncho agwirizanitsi ake ndi awa: kololini wambiri, kololini watha.

Pali mfundo ina imene woyang'anira madzi amaisamala kwambiri koma imene omasulira amaipunthwa. Kololini sayenera kutheratu pamalo okonzera madzi. Pang'ono ayenera kutsala m'madzi mpaka pampopi womaliza, pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita imodzi malinga ndi malangizo a bungwe la World Health Organization, kuti aphe tizilombo tolowera pa mapaipi obooka kapena m'zigubu zotungira. Omasulira ena amatcha ameneyu "zotsalira za mankhwala". Kwa mlimi wa fodya mawu amenewa ndi oopsa, pakuti zotsalira za mankhwala pa tsamba ndi chimodzi mwa zimene ogula amakana. "Kololini wotsalira" ndi mawu olondola, koma sanena chifukwa chake watsala. "Kololini wolondera madzi" akunena ntchito yake, ndipo akufotokozeratu fungo lija: pamene fungo lamveka pang'ono, mlonda alipo.

Dzina la malo enieniwo likadali losakhazikika. "Malo oyeretsera madzi" labwereza cholakwa chija. "Fakitale ya madzi" likumveka ngati madzi amapangidwa. "Malo okonzera madzi akumwa" ndilo labwino, ngakhale lili ndi chilema chake, chifukwa anthu akamva kuti "akukonza madzi" amaganiza za paipi yophulika. Mawu oti "akumwa" ndiwo amachotsa chisokonezocho, ndipo asasiyidwe pofuna kufupikitsa mutu wa nkhani.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa chidziwitso cha m'nyengo ya mvula. Kawirikawiri chimalembedwa motere: "Madzi akhala akuda masiku ano koma ndi oyeretsedwa ndi mankhwala." Chiganizochi chikudzitsutsa chokha, pakuti chinthu sichingakhale chakuda ndi choyeretsedwa nthawi imodzi. Cholembedwa mosamala chingakhale chotere: "Madzi avunduka chifukwa cha mvula. Adikhitsidwa, asefedwa ndipo athiridwa kololini. Ngati afika ovunduka kwambiri, asefeni pa nsalu ndi kuwawiritsa mpaka abwate, chifukwa kololini sagwira bwino ntchito m'madzi a matope."

Bungwe la Chichewa lidatha mu 1995, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba mu 1996, kumene kudachokera Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000. Akatswiri a kumeneko atakhala pamodzi ndi oyang'anira malo okonzera madzi a mabungwe asanu a madzi m'dziko muno, mndandanda wa mawu ofunika ungakwane pa tsamba limodzi. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za pulayimale sayenera kudikira tsambalo: mitsuko iwiri, wina wa madzi ovunduka ndi wina wa madzi odikha, ndi yokwanira kuphunzitsira mawu oti nsenga, ndi kufunsa ana ngati madzi odikhawo ali otetezedwa.